Moto wa m'balani ya a Elifala

Amene adadyapo nkhumba ya a Elifala Kamzimbi pa Malomo zaka zija, akamaikamba lero amayamba ameza kaye malovu. Sidali kanyenya wa pachiwaya uja mumatafuna mpaka nsagwada kulema. Iyi idali nyama yogonera mu utsi, kunja kuli bii, mkati muli wofuwofu. Tsiku la msika bambowo ankatsika nayo kuphiri pa njinga, ili m'beseni lovundikira ndi masamba a nthochi, n'kukhazikika pansi pa mango pafupi ndi pokwerera maminibasi. Mpeni sankanyamula. Fupa ankangolisolola lili mbee, nyama n'kutsala ikuyoyoka timizeretimizere ngati luzi lonyowa. Ankaing'amba ndi zala, kuilonga m'banzi, kudonthezera tsabola wa kambuzi, basi. Akabaza, aphunzitsi, amayi a tomato, onse ankathera pamango paja. Ngakhale ena a mipingo yoletsa nkhumba ankatuma anzawo, iwo n'kukadikirira kuseri kwa chigayo.

Tsono anthu a pa Malomo satha kuona chinthu chokoma osachipezera mlandu. Adayamba kunong'onezana kuti mkuluyo ngokhwima, kuti m'nyamamo muli chizimba. Nanga bwanji salola munthu kusuzumira m'balani mwake? Nanga bwanji sagona kumaliro a kutali? Ankanena zimenezi mafuta ali chuchuchu m'zigongono. Ankanama, komatu bodza lawolo silidagwere patali kwenikweni ndi pamene padali nkhani.

A Elifala kwawo ndi cha ku Mvera. Sukulu adaisiyira panjira, adapita kukagwira utenanti ku esiteti ina, ndipo kumeneko adaphunzira ntchito imodzi imene idawalowa m'magazi, yofukiza fodya wa chikopa. Fodya ameneyu sali ngati wa bale amene mumangomupachika m'chigafa n'kumusiyira mphepo. Wa chikopa amafuna balani yotseka, moto wogona pansi wopanda malawi, ndi munthu wodekha woti akhale nawo utsiwo usana wonse. Atakwatira a Faines, amene aliyense ankawatchula kuti a Naphiri, adapita chikamwini kumudzi wina m'mapiri a kumtunda kwa Malomo, kumene chifunga chimachedwa kuchoka m'mawa. Kumeneko, kuseri kwa nyumba, adamanga balani yawoyawo ya zidina, yaitali, ya kakhomo kakang'ono koti munthu alowe choweramira.

Fodya adawalera zaka zingapo, kenaka adawataya monga adatayira anzawo ambiri. Ku okushoni ogula adayamba kunyinyirika, phindu lidatha, balani idasanduka moikira nkhuku. Chimene chidaidzutsa ndi chigodola cha nkhumba. Chaka chimenecho nthendayo inkayenda mudzi ndi mudzi, ndipo aliyense adathamangira kupha nkhumba zake zisadagwidwe. Nyama idachuluka moti ngakhale agalu ankachita kusankha. A Elifala adaima pakhola atagwira m'chiuno, nkhumba yawo yonenepa ili gone pansi, wogula palibe.

"Mukuyang'ana chiyani, bambo a Diana?" adatero a Naphiri. "Balani ija mudamangira nkhuku? Dulani mapewawo tikapachike pa mikangala ya fodya ija. Utsi umasunga fodya, ungalephere nyama?"

Iwo ankangofuna kuti nyamayo isawole. Koma poti moto wake udali wa fodya, wofatsa uja, nyama idakhala m'menemo tsiku lathunthu osapserera, osauma, ikungodontha mafuta. M'mawa mwake a Naphiri atagwira phewa limodzi kuti alitembenuze, lidangowayoyokera m'manja. Adalawa, adayang'ana amuna awo, adaseka. Geni idayambira pamenepo.

Ntchito adagawana osakambirana. Kugula nkhumba, kupha, kuwaza nkhuni za mango ndi msuku, kupalasa njinga kupita kumsika, zonsezo zidali za bambo. Moto ndi mchere zidali za mayi. A Naphiri ankakhala pa mwala wina mkati mwa balani, pafupi ndi khomo, chitenje chili kumphuno, maso ali psuu. Zikuni ankazisonkhezera mwa njira yawoyawo, mitu itagundana pakati ngati nkhuku zikujompha m'mbale imodzi, ndipo lawi likangodzuka ankaliponyera zitsononkho zonyowa. Pofuna kudziwa ngati nyama yapsa ankaibaya ndi kabango. Kakalowa popanda kukankha, ankaitana amuna awo kuti adzatsitse.

Mchere unkakhala m'chitini chakale, pa kathabwa pamwamba pa khomo la balani. M'nyumba za anthu a msinkhu wawo mchere ngwa mayi wa pakhomo, mwamuna sathira. Kamodzi kokha, a Naphiri atagona ndi malungo, a Elifala adanena kuti athira okha. Mayiwo adadzuka pamphasa ali dzandidzandi, adakafika m'balani atagwira khoma.

"Chokani apa! Mukufuna anthu a pa Malomo atupe miyendo? Inu mukawaze nkhuni."

Bambowo adachoka akuseka, ndipo adafika pomera imvi asakudziwa kuti phewa la nkhumba limadya mchere wochuluka bwanji.

Chifuwa chidayamba mwakachetechete. A Naphiri ankati ndi chisanu cha m'mapiri. Chisanu chikatha ankati ndi fumbi. Kutsokomola kwawo kudali kodziwika moti a Elifala ankakuzindikira ali kudimba: koyamba kouma, kotsatizana, kenaka mpweya wautali wokoka movutikira, wolira likhweru kumapeto. Diana, mwana wawo mmodzi yekhayo, adakula akumva phokosolo tsiku ndi tsiku mpaka adasiya kulimva. Nyama ija idamuphunzitsa sukulu mpaka adapeza ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe.

Tsiku lina mvula idadontha m'balani n'kuzimitsa moto. M'mawa a Naphiri adakoleza watsopano ndi manja awo, adapaka nyama mchere, adakhala pamwala pawo. Dzuwa lili paliwombo, a Elifala pobwera ndi mtolo wa nkhuni adawapeza atatsamira khoma, chitenje chili kumphuno, ngati akusinza. Adawaitana, adawaitananso. Utsi unkangokwera bwinobwino.

Kumudzi kwa a Naphiri kuli mwambo wake. Akaika maliro, m'mawa mwake amayi amasesa pakhomo, amazimitsa moto uliwonse umene womwalirayo adakoleza, phulusa lake n'kukataya pamphambano. Amati moto wotero ukatsala mwini wake sapita, amabwerera kudzausonkhezera. Anthu ake ndi a mpingo, nyimbo za maliro amaimba za m'buku, koma phulusalo saiwala. Amene adatsogolera ntchitoyo adali a Sara, akulu awo a malemu, mayi wosamala zinthu amene sasiya ngakhale supuni pabwalo. Adathira madzi pamafuwa a m'khitchini, adathira pa zikuni za pasiwa, adakolola phulusa lonse m'lichero lakutha. Mayi wina adaloza kuseri kwa nyumba, kumene utsi unkafuka.

"Nanga uwo?"

"Uwo ngwa alamu," adatero a Sara osatembenuka n'komwe. "Za m'balani nzachimuna."

Pa fodya zidalidi choncho, balani ndi ya mwamuna, ndipo a Sara adali asadalowemo chiimangire. A Elifala adali chiimire pomwepo ndipo adamva. Mawu adafika pakhosi. Adaganiza za nyumba yopanda munthu, za mphasa, za mwala uja. Adameza mawuwo. Akuchikazi atawasudzula adawauza kuti ngati akufuna akhale, pakhomo mpa mwana wawo, ndipo adakhala.

Patapita nthawi adaphanso nkhumba, poti munthu sadya chisoni. Adapachika mapewa, adasonkhezera moto womwe uja, umene ankausunga pa chikuni cha muwanga chokwirira ndi phulusa. Tsiku la msika, ali pakati pa chitsikiro, njinga ikuthamanga, mtima udangoti myuu. Mchere! Sadathire. Sadaganizeko n'komwe, nanga adayamba athirapo? Adaima pambali pa msewu, adavundukula masamba, adatsina kanyama kuti amve kukula kwa manyazi amene akukakumana nawo kumsika.

Mchere udali utakolera. Osati kungokolera chabe, koma dzanja lomwe lija, lofika mpaka pafupa, losawawa pakamwa.

Adakhala pansi m'mbali mwa msewu. Minibasi idadutsa, kondakitala adawakuwiza kuti madala mwaledzera m'mawa uno. Atabwerera kumudzi adatsitsa chitini chija koyamba m'moyo wawo, adatsegula. Mchere udali utatsika, ndipo pamwamba pake padali timaenje ta zala.

Wina akadathawa. A Elifala adagula mchere wina n'kudzaza chitinicho. Mantha adalipo, tisabise, masiku oyambawo thupi linkachita tsemwe akamalowa m'balanimo. Koma chimwemwe chidaposa mantha. Adaona kuti utsi sukwera molunjika kudenga, umayamba wapendekera kumwala kuja n'kuzungulira ngati ukulambalala munthu. Pamwalapo sankakhalapo, adadzipezera chitsa mbali inayo. Ankatha usana wonse m'menemo akusimba za kumsika, za amene wakwatiwa, za mbuzi za a Sara zimene zadyanso chinangwa. Yankho padalibe, koma munthu amene wakhala m'banja zaka zambiri sadikira yankho. Nyama ankaipachika yopanda mchere, ankaitsitsa itakolera. Lamulungu ankakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi, n'kutuluka nyimbo yomaliza isadathe. Kumaliro a kutali sankagona, ku Lilongwe kwa Diana ankangolonjeza.

Kamodzi kudabwera bambo wina, mwini bala ya mowa ku Mponela, wofuna kuti azimupikulitsa nyamayo. Adafika a Elifala ali kudimba, ndipo poti anthu a ndalama sadikira, adatsata utsi n'kukankha kakhomo kaja. A Elifala adamupeza atakhala pakhonde akupukuta m'maso.

"Ndakumana nawo amayi m'katimo," adatero mlendoyo. "Ndapereka moni, angondiyang'ana. Ngosalankhula? Komatu akuoneka otopa, bambo. Muziwapumitsako."

A Elifala adamukana za nyamazo, adamuperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera ankachita kumwetulira okha. Adachitanso kansanje kuti mlendo wawaona pamene iwo mwini wake sadawaonepo. Za kutopazo zidalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Zaka zidapita motero, moto osazima.

Kenaka nawonso adayamba kutsokomola. M'balani muja chifuwa chawo chinkamveka chachikulu, makoma akuwabwezera, ndipo iwo ankati ndi mmene zimachitira nyumba zazitali zopanda katundu. Njinga idayamba kuwalemera pa chitunda chimene kale ankakwera akuimba. Diana atabwera pa Isitala adawapeza akupumira pakhonde atangochokera kukhola, milomo itada. Sadafunse zambiri. Adawakweza minibasi mpaka kuchipatala cha ku boma, iwo akungoyang'ana dzuwa kuti abwerere chikuni chisadathe.

Dokotala adakweza chithunzi cha m'chifuwa mwawo kuwindo, adafunsa ngati amasuta. Sadasutepo. Adafunsa ntchito yawo, ndipo atamva adaika chithunzicho pansi.

"Bambo, mapapo anuwa atsala pang'ono. Mukapitiriza kulowa mu utsi, chimanga chimene mubzale chaka chino adzakolola ndi ena."

Diana adabwerera ku tauni, koma nyengo yozizira itayamba adatulukiranso atasenza katoni. M'katonimo mudali poto wa chitsulo chochindikala, chivundikiro chake chili ndi mphira m'mphepete, pamwamba pali kachitsulo kozungulira.

"Ameneyu amati pulesha kuka, ababa. Nthunzi siituluka, ndiye nyama imapsa msangamsanga. Imene inu mumaichezera tsiku lonse, umu ola limodzi yafewa. Geni yanu siifa ayi, koma m'balani muja basi."

"Poto wokhoma ngati bokosi la maliro ameneyu?" adatero a Elifala akumugogoda ndi chala. "Fungo lilowera kuti?"

"Dikirani muone kaye."

Diana adakoleza mbaula pakhonde, adaika phewa la nkhumba, anyezi, adyo, mchere, madzi pang'ono, adakhoma chivundikiro. A Sara, amene adabwera kudzaona zachilendozo, adakhala pafupi atapinda manja. Poto atayamba kulira, kachitsulo kaja n'kuyamba kuvina, mayiwo adadzambatuka mpaka kukaima kuseri kwa nkhokwe, akukuwa kuti aphulika. Diana adaseka mpaka misozi. A Elifala sadaseke. Potoyo ankakoka mpweya n'kuutulutsa ndi likhweru lopyapyala, ndipo likhweru limenelo iwo ankalidziwa.

Mthunzi wa nkhokwe usadasunthe kwenikweni Diana adaphula, adadikira nthunzi ithe, adatsegula. Chilungamo chinenedwe, nyamayo idafewa. Fupa lidasoloka lokha. Adaing'amba ndi mafoloko, adaikazinga pang'ono pa chiwaya kuti ide m'mbali, adathira msuzi wake womwe. Idali nyama yabwino, yoti mlendo angapemphe ina. A Elifala adatafuna nthawi yaitali.

"Yafewa," adatero. "Ngati ya wodwala."

"Ndinu wodwala kumene."

"Ilibe fungo. Mcherewunso wangokhala pamwamba."

"Anthu azolowera."

Dzuwa lisadalowe Diana adatulutsa loko m'chikwama, adakakhoma khomo la balani, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje. Bambo ake adamutsatira akupuma mwawefuwefu.

"Iwe Diana, usatero. Moto umenewo suyenera kuzima."

"Chifukwa?"

A Elifala adayang'ana pansi. Adali asadauzepo munthu, ndipo mawuwo atatuluka adamveka aang'ono.

"Ngwa amako. Adaukoleza okha tsiku lija. Amayi ako aakulu sadauzimitse, ine sindidanene. Amako ali momwemo, Diana. Mchere wa nyama ija amathira ndi iwo."

Diana adawayang'ana, misozi idalengeza, koma idali misozi ya munthu amene akuona bambo ake akukalamba.

"Amayi ali kwa Mulungu, ababa. Utsi umenewu udandilanda mayi. Ndatsala ndi inu nokha, ndiye mundikwiyire mmene mungathere, kiyi sindipereka. Sindichoka pano mpaka m'menemo muzizire."

Masiku otsatirawo a Elifala adawathera pakhonde, mtima uli m'malere. Chikuni chimene adasiya pamoto ankachidziwa, sichikadakhalitsa popanda wochisuntha. M'mawa ankayang'ana tsindwi la balani, utsi ukufuka ndithu. Ankati mawa. Mawa lake utsi ukufuka ndithu. Tsiku la msika adapita ndi nyama ya mupoto, ndipo Howard wa kabaza, amene sankaphonya, adaluma banzi, adaima kutafuna.

"Madala, yakoma ndithu. Koma lero waphika ndi wina."

Sabata idatha, ina idalowa. Diana poyamba ankati chikunicho n'chachikulu. Kenaka adasiya kunenapo kanthu, ndipo a Elifala ankamuona akupapasa pansonga ya chitenje kuti amve ngati kiyi alipo. Tsiku lina adamuona akuzungulira balani, akufufuza ngati pali pena pobooka. Padalibe. Agalu a m'mudzi, amene kale ankagona pakhomo pa balani kudikira mafuta, tsopano ankalambalala patali michira ili pansi. A Sara adabwera, adaima pabwalo nthawi yaitali akuyang'ana tsindwi.

"Alamu," adatero motsitsa mawu, "balani yokhoma, akusonkhezera moto ndani?"

Kunena zoona, mumtima mwa a Elifala mudali kachimwemwe. Adati a Naphiri akana kuchoka. Adati chikondi chake n'chimenecho.

Tsiku limene zidadziwika chifunga sichidachoke. Chidatsika kuphiri m'mawa n'kukhazikika, moti masana munthu ali pakhonde sankaona nkhokwe bwinobwino. Mudzi udali zii, anthu ali m'nyumba kuthawa chisanu. Diana adali ataika poto pa mbaula kukonzekera msika wa mawa lake, a Sara atakhala chapatali ndithu, a Elifala atafunda bulangete pampando. Poto adalira likhweru lake lija mpaka nthawi idakwana. Diana adaphula. Likhweru lidachepa, lidachepa, lidatha.

M'kachetechete m'menemo, kuseri kwa nyumba, munthu adatsokomola.

Kouma, kotsatizana. Kenaka mpweya wautali wokoka movutikira, wolira kumapeto.

A Elifala adagwira pachifuwa pawo. Sadali iwo. Diana supuni idamupulumuka m'manja. "Amayi," adatero. A Sara adagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Kutsokomolako kudabweranso, kwautali kuposa poyamba, kwa munthu amene watsokomola zaka zambiri osalekeza, ndipo pambuyo pake padamveka chikuni chikukhwekhwerezedwa pansi.

Apo m'pamene a Elifala adazindikira za makoma aja amene ankawabwezera chifuwa. Sadali makoma. Adakumbukiranso mawu a mlendo wa ku Mponela. Zaka zonsezi iwo ankaganiza kuti akazi awo akhala pamwala paja ali bwinobwino, atachira, akumvetsera nkhani za kumsika. Sadaganizepo kuti munthu ukamusunga mu utsi amakhala akupuma utsiwo. Iwo ankatuluka madzulo kukagona, ankapita kumsika, ankapuma mphepo ya panjira. A Naphiri sankatuluka. Ndipo chikhomereni loko adatsala okhaokha, kusonkhezera moto wopanda nyama, poti palibe amene adawauza kuti aweruke. Manyazi amene adawagwira bambowo adaposa mantha onse amene adamvapo.

"Kiyi," adatero atatambasula dzanja.

"Ababa, dokotala adati..."

"Ndikulowa komaliza. Alamu, tungani madzi."

Diana adamasula mfundo, adapereka kiyi. Onse atatu adazungulira nyumba m'chifunga muja, a Sara atanyamula ndowa. Loko adatseguka, chitseko chidalira, utsi udatuluka n'kusakanikirana ndi chifunga moti munthu sakadasiyanitsa. Mkati mudali mdima wa masiku onse. Nkhuni zimene a Elifala adaunjika pakona zidali zitatsala zochepa. Pakati zikuni zidali zitagundanitsa mitu, pambali pali zitsononkho zonyowa. Chilichonse m'menemo chidali bii ndi mwaye, kupatula pamwamba pa mwala uja.

A Sara adaika ndowa pansi. "Ine ndidalakwitsa, koma amene mudadziwa ndinu. Thirani nokha."

A Elifala adalowa choweramira, adagwada moyang'ana mwalawo, osati moto.

"Naphiri," adatero. Chifuwa chidawadula, adadikira chithe. "Naphiri, pepani. Ine ndimati tikucheza, osadziwa kuti ndakusiyani pa ntchito. Mwana uja adakula, mwamuona. Nyama ndiziphika mupoto, siifika pa yanu koma anthu akudya. Werukani, mayi. Pitani mukapume."

Adakweza ndowa, adathira. Moto udalira tsiii, nthunzi idadzaza balani yonse, Diana adakoka bambo ake malaya kuwatulutsira panja. Ali chigwadire pakhomo paja, onse adamva mkatimo mpweya umodzi wautali ukutuluka pang'onopang'ono, wosalala, wopanda likhweru. Diana adalira mokweza ngati maliro achitika tsiku lomwelo. A Sara adakolola phulusa lonyowalo m'lichero, ndipo chifunga chisadachoke amayi awiriwo adakalitaya pamphambano ya njira ya ku Malomo. Pobwera a Sara adatsitsa chitini cha mchere, adachiika m'manja mwa alamu awo.

A Elifala alipo mpaka lero. Chifuwa sichidathe, koma chimanga chija adakolola okha, ndi china pambuyo pake. Balani idagwa denga, mukumera chisoso. Tsiku la msika mukawapeza pamango pomwe paja ndi beseni lawo, makasitomala atachepako. Anthu amati chizimba chidasukuluka. Howard amagulabe, ngakhale amadandaula kuti lero mchere wawawa, sabata yatha mudalibe, madala dzanja lanu silikhazikika. Iwo amangoseka. Kuphunzira mchere imvi zili kumutu si masewera.

Potoyo adamuzolowera, amadziwa kumvera likhweru lake kuti nyama yapsa. Koma pali chimodzi chimene Diana walephera kuwasintha, ngakhale amawakumbutsa pafoni. Iye adawaphunzitsa kuthira mchere asadakhome chivundikiro. Iwo amakhomera nyama yopanda kanthu. Ikapsa amaphula, amadikira nthunzi ithe, amatsegula, ndipo asadagwire chitini amatsina kanyama n'kulawa atatsinzina, mtima ukugunda.

Nthawi zonse imakhala yopanda mchere. Amatafuna kanyamako pang'onopang'ono. Kenaka amagwedeza mutu, amati, "Akupuma," amapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kutsegula chitini.